Mmene mungamvere chinenero cha achinyamata ndi ma emoji awo popanda kuwathawitsa

Makolo anzanga, ana athuwa akulankhula tsiku lonse, kungoti akulankhulira pafoni ndipo chinenero chake ambirife sitikuchimva. Mwana yemwe uja mukamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji amangoti "bho" n'kulowa kuchipinda, pa WhatsApp pake mauthenga ali mbwee, tizigaza, timoto, timaso, zilembo zitatuzitatu zopanda mutu weniweni. Nde ambiri timachita ziwiri, pena kungozisiya kuti ndi zachibwana, pena kulanda foni n'kuyamba kuzenga mlandu pa chinthu choti sitinachimvetse n'komwe, ndipo zonsezi zimangomutalikitsa mwana. Ine ndikufuna tiphunzire chinenerochi kuti tizimumva mwanayo akasangalala komanso akakhala pamavuto, osati kuti tisanduke apolisi m'nyumba mwathu momwe ayi.

1. Kumbukirani kaye kuti nafenso tinali nacho chathu

Musanagwire foni ya mwana, dzikumbutseni mmene munkalankhulira inuyo muli ku sekondale. Amene tinakulira ku Ndirande, Kawale, Chibavi kaya Chinamwali tikudziwa kuti amayi anali masteni, abambo anali madala, kusukulu kunali ku geri, kunyumba ku deni, kuchoka kunali kuvaya, ndipo makolo athu ankadandaula kuti tikuononga Chichewa. Chinenero cha m'tauni chimenechi akatswiri a zilankhulo anachita kuchifufuza, amachitcha Chibrazi. Msinkhu uliwonse umafuna mawu oti azimvana okhaokha, si kuti nthawi zonse pali choipa chikubisidwa.

Chasintha n'choti ife tinkatola mawu pabwalo la mpira ndi m'minibasi, iwowa akutola pa TikTok, nde mawu oti ayamba ku America kapena ku London sabata ino, sabata yamawa mwana wa ku Area 25 akuwatchula kale. Kuonjezera apo pali tizithunziti. Ma emoji anatchuka kuchokera ku Japan, mu 1999 Shigetaka Kurita anajambula okwana 176 a kampani ya mafoni ya NTT DoCoMo, mu 2010 analowa mu Unicode, dongosolo limene limachititsa kuti zilembo zizioneka pa mafoni ndi makompyuta onse, pano alipo oposa 3,500. Chiwerengerocho chisakuopseni, mwana wanu amangozungulira pa ochepa omwewo tsiku ndi tsiku.

2. Yambani ndi ma emoji a kuseka, ndi pamene ambiri timagwera

Kankhope aka 😂 kotuluka misozi mbali zonse ndi kuseka, si kulira. Yang'anani kukamwa, kali yasa mano pamtunda. Kanatchuka mpaka a Oxford Dictionaries anakasankha kukhala mawu a chaka cha 2015. Koma tonse taonapo m'magulu a mpingo kapena a banja, uthenga wa maliro walowa, mayi wachikulire ndi mtima wabwinobwino n'kuika 😂😂😂 poganiza kuti akulira nawo. Pa maliro ikani aka 😢 kapena 🙏, olo ingolembani "pepani" basi, zimakwanira.

Tsopano kwa anawa zimapitirira. Aka 😭 kolira mokuwa, ife timakaona ngati chisoni chachikulu, iwo nthawi zambiri amakaika akaseka mpaka kulephera kupuma, kapena chinthu chikawakongolera kwambiri, mwana wa mphaka, nsapato, nyimbo. Achinyamata ambiri amati 😂 ndi ka anthu akuluakulu, nde m'malo mwake amaika chigaza 💀 pena bokosi la maliro ⚰️. Apa mpamene pamabuka milandu yosayenera. Amalume atumiza chithunzi pagulu la banja atavala suti ya paukwati wawo wa 1998, mapewa otambalala, tayi kufika pa lamba, mdzukulu n'kuyankha 💀💀, pasanathe mphindi khumi agogo akuimba kuti mwanayu walowa zausataniki kapena akufunira amalume ake imfa. Chonsecho mwana akungonena kuti "mwandipha ndi phwete", chimodzimodzi mmene ifenso timanenera kuti ndafa nako kuseka. Mukangodziwa kamodzi kameneka mwapulumutsa mwana ku chikwapu chopanda chifukwa.

Enawa ndi osavuta. Moto 🔥 ndi chinthu cha nyatwa, chabwino zedi. Mbuzi 🐐 si kutukwana ayi, ndi dolo wa madolo, Temwa Chawinga akagoletsa ku Kansas City Current muona mbuzi zili ndandanda pa status, kumeneko ndi kumutamanda. Maso 👀 ndi "ndikukuona" kapena "tandiuza zambiri". Kapu 🧢 ndi bodza, wina akalemba "cap" akuti ukunama, "no cap" akuti zoonadi sindikunama. Mbendera yofiira 🚩 ndi khalidwe lokayikitsa mwa munthu, makamaka pa zibwenzi. Njoka 🐍 ndi mnzake wachinyengo. Aka 🤡 kawirikawiri amadziikira okha akaona kuti apusitsidwa, ndipo aka 🥺 ndi kupempha monyengerera, mudzakaona kakubwera limodzi ndi "mami bundle yatha".

3. Dziwaninso mmene mauthenga anu amamvekera kwa iwo

Ili ndi gawo limene makolo ambiri saliganizira. Chala ichi 👍 ife timati ndi ulemu, tavomera, tamva. Kwa mwana wa zaka 15 chimamveka chozizira, ngati mukuti nkhani yatha usandivute. Kankhope komwetulira pang'ono aka 🙂 ambiri amakamva ngati munthu wakwiya koma akubisa. "Ok." yokhala ndi kadontho kumapeto, kapena "K" yekha, amamva ngati mwawakalipira. Kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi kukuwa.

Taganizani, mwana walemba kuti "Adadi ndapeza 78 pa Maths", wadikira foni ili m'manja, inu mwayankha 👍 n'kubweza foni m'thumba, mumtima mwanu mwasangalala ndithu koma iye sanaone chisangalalocho. Lembani mawu, olo atatu okha: "Wandinyaditsa mwana wanga ❤️". Sizidya bundle. Komanso pewani kutumiza "Tikambirana ukabwera" popanda china chilichonse, mwana amakhala mtima uli m'mwamba tsiku lonse m'kalasi osamva kanthu, chonsecho inu mumangofuna kumufunsa za yunifolomu. Nenani nkhani yake pomwepo.

Za matiki a WhatsApp nazonso zimayambanitsa anthu. Tiki imodzi uthenga wachoka kwa inu, ziwiri zotuwa wafika pafoni pake, ziwiri za buluu wawerengedwa, koma za buluuzo munthu akhoza kuzizimitsa. Mwana akapanda kuyankha musathamangire kunena kuti mwano, pena bundle yatha, pena magetsi anazima foni ili ziii, pena ali m'kalasi. Gwirizanani chabe kuti uthenga wofunsa kuti ali kuti kapena wafika bwanji uziyankhidwa, enawo akhoza kudikira.

4. Tolani mawu pang'onopang'ono, osati kuloweza ngati mayeso

Mawu awo ali mitundu itatu yosakanikirana. Pali akwathu kuno: shapu, aise, adha, ngini, kutokota, mahope, za ziii, mbola pa chinthu chimene sichinayende bwino, ndaphula akapeza mwayi, bawa ndi mowa. Ambiri mwa amenewa mukuwadziwa kale. Pali Chichewa chodula zilembo, bwnj, zkm, kma, chfkw, chimenechi mukangowerenga mokweza chimamveka chokha.

Ovuta ndi achizungu a pa intaneti. "wyd" akufunsa kuti ukutani, "hru" uli bwanji, "idk" ndi kaya, "fr" ndi zoonadi, "tbh" ndi "ngl" ndi kunena chilungamo, "brb" ndibwera pompano, "ily" ndimakukonda, ndipo ameneyu atsikana amauzana okhaokha pachinzawo nde musayambe kufunsa kuti mkamwini ndi ndani. "W" ndi kupambana, "L" ndi kugwa nayo. "sus" ndi wokayikitsa, "mid" ndi chinthu wamba chosagometsa, "slay" kapena "ate" ndi watchena kapena wachita bwino kwambiri, ngakhale kwathu kuno "slay queen" ili ndi kakunyoza mkati. "delulu" ndi kudzinamiza, monga kuganiza kuti woimba wotchuka adzakukwatira. "rizz" ndi pakamwa potsekemera pokopa anthu, a Oxford anawasankha kukhala mawu a chaka cha 2023. "bet" nthawi zambiri akungoti chabwino tagwirizana, si juga ayi, ngakhale za juga ndizikamba pansipa chifukwa ziliko ndithu.

Amene ndikufuna muwasunge bwino ndi a zibwenzi, chifukwa ndi amene amakuuzani za mtima wa mwana. "crush" ndi munthu amene wamusirira koma mwina sanalankhulane n'komwe. "talking stage" ndi pamene akungocheza pafoni chibwenzi chisanayambe. "bae" ndi wachikondi. Kughosta ndi kusowa mwadzidzidzi, munthu amene mumacheza naye tsiku lililonse n'kungosiya kuyankha osanena chifukwa. Kwa ife zikuoneka zazing'ono koma mwana woti mnzake wamughosta akhoza kukhala masiku osadya bwino, ndipo kholo lodziwa mawu amenewa likhoza kumvetsa chifukwa chake nsima ikubwerera.

5. Funsani mwanayo, ndiye mphunzitsi wake

Safunsa anadya phula. Koma kafunsidwe kake ndi kamene kali ndi nkhani. Osamukhazika pampando maso ndi maso ngati kubwalo la amfumu, mufunseni manja ali pa ntchito, mukusadzula ndiwo, mukuchapa, mukuyenda kupita kuchigayo, muli m'galimoto. Ndipo funsani za chinthu chimene mwachiona poyera, pa Facebook kapena pagulu la banja, osati chimene mwachiona mutasuzumira foni yake usiku.

Mwachitsanzo: "Iwe, tandithandiza, kachigaza kamene anthu akuika pa chithunzi cha amalume akowa n'kachiyani?" Adzaseka, adzati "aaa mami inunso", kenako adzakuuzani, ndipo akaona kuti simunakwiye adzaonjezera ena awiri amene simunafunse. Musadule ndi ulaliki. Akakuuzani tanthauzo loti simunalikonde, gwirani mtima, nenani "oho, chabwino, sindimadziwa", nkhani ya khalidwe mudzaibweretse tsiku lina. Mukangolalikira pomwepo, ulendo wina adzakunamizani tanthauzo, ndipo ali ndi luso lake.

Mukafuna kutsimikiza panokha, pali tsamba la Emojipedia, linayamba mu 2013, mumangoika ka emoji n'kukuuzani dzina lake ndi mmene kamagwirira ntchito. Olo pa Google pomwepo, lembani mawuwo n'kuonjezera "meaning". Ndikuchenjezeni ziwiri. Tsamba la Urban Dictionary amalemba ndi aliyense, nde mawu osalakwa mukhoza kuwapeza atapatsidwa tanthauzo lonyansa loti mwana wanu sanalimvepo. Komanso timindandanda timene timazungulira m'magulu a makolo, toti ka emoji kalikonse ndi mankhwala ozunguza bongo kapena usataniki, tambiri timachokera kunja ndipo timakokomeza. Musazengere mwana mlandu ndi uthenga wa forward.

6. Werengani nkhani yonse, osati kachizindikiro kamodzi

Emoji ili ngati nkhope ya munthu polankhula, tanthauzo lake limadalira akulankhula ndi ndani, nthawi yanji, ndipo mawu ozungulira akuti chiyani. Mtima wofiira ❤️ kwa azakhali ake ndi chikondi cha pachibale, kwa mnzake wa m'kalasi ndi chinzake, koma kwa nambala yosungidwa ndi dzina lachilendo nthawi ya 1 koloko usiku, tsiku ndi tsiku, ndi nkhani ina. Choncho dzifunseni mafunso atatu musanachite kanthu: watumiza ndani, zachitika kamodzi kapena zikubwerezabwereza, ndipo mwanayo payekha wasintha kapena ali mmene amakhalira?

Status ndi malo abwino omvera mwana popanda kumulanda kanthu, chifukwa waika yekha poyera ndipo imachoka pakatha maola 24. Onani nyimbo zimene akuika, mawu amene akukopera. Koma musamayankhe pa status iliyonse, ndipo musatenge ya mwana kukaifunsa pagulu la banja. WhatsApp imalola munthu kusankha anthu oti asaone status yake, mukamuchititsa manyazi kamodzi adzakubisirani, inu n'kumaganiza kuti mwana wanga saika ma status, chonsecho dziko lonse likuona kupatula inu.

7. Zizindikiro zochepa zimene simuyenera kuzinyalanyaza

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pali moyo wa mwana.

Za kugonana: biringanya 🍆, pichesi 🍑, madontho 💦, lilime 👅 ndi aka 😈 zikamabwera pamodzi pakati pa anthu awiri, nthawi zambiri si nkhani ya zakudya, akunena ziwalo zobisika ndi zogonana. Mawu oti "nudes", "send pic", "trade", opempha kapena kusinthana zithunzi zamaliseche, komanso munthu wolimbikira kuti "tiye ku inbox", "ufufute chat", "osauza aliyense" ndi ofunika tcheru. Pa WhatsApp pali view once, inabwera mu 2021, chithunzi chimaoneka kamodzi n'kusowa, chizindikiro chake ndi 1 ali m'kabwalo. Ana amaganiza kuti n'zotetezeka, osadziwa kuti munthu akhoza kujambula sikirini ndi foni ina. Palinso mauthenga ofufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Kugwiritsa ntchito zimenezi pakokha si mlandu, koma zikakhala pa munthu mmodzi yekha wosadziwika, funsani.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri si emoji, ndi munthu wamkulu amene wayamba kugulira mwana bundle, kumutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kumuyamikira kuti ndiwe wokhwima nzeru kuposa anzako, makolo ako sakumvetsa. Anawa amawatcha ma blesser ngati n'zoseketsa, koma mwana akakhala ndi data yosatha, foni yatsopano kapena tsitsi loti inu simunalipire, ndi bwino mudziwe gwero lake. Ndipo musaganize kuti ndi atsikana okha, anyamata amakodwa kwambiri ndi ma akaunti onamizira kukhala mtsikana wokongola, akatumiza chithunzi chamaliseche kenako kumabwera kuopseza kuti tumiza ndalama apo bii ndichimwaza kusukulu kwanu.

Za chamba ndi mowa: tsamba 🍃 kapena 🍁 limodzi ndi utsi 💨 pena amanena chamba, 💊 mapiritsi, 🔌 kapena "plug" ndi munthu wopezetsa zinthu, ngakhale plug akhoza kukhalanso wogulitsa nsapato za kaunjika, nde onani nkhani yonse. Za juga: mukamva "kandege" kapena ✈️ pamodzi ndi "ndaphula", "yandidya", "odds", akunena masewero a Aviator ndi kubetcha mpira. Malamulo salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma pafoni ya mkulu wake kapena yanu yomwe amalowa, nde ndalama za m'foni zikamachepa mosadziwika bwino yang'anani mauthenga a ndalama zotuluka.

Za kudzipha: "kms" ndi chidule cha kunena kuti ndidzipha, "kys" ndi kuuza wina kuti adziphe, "unalive" ndi mawu amene anthu anayamba kugwiritsa ntchito pa TikTok pozemba kuti mavidiyo awo asachotsedwe. Zoona, ana ambiri amalemba "kms" mocheza akalakwa mayeso kapena akachita manyazi. Koma zikaphatikizana ndi ma status a 💔🥀🕊️ masiku otsatizana, mawu ngati "ndatopa nazo", "mudzandifuna", "posachedwa mupuma", kuchotsa chithunzi chake pa DP, chija chimaoneka pa dzina lake pa WhatsApp, kudzitsekera, kugawa zinthu zake, kusiya kudya kapena kugona, musadikire. Mufunseni mwachindunji ndi mawu ofatsa: "Mwana wanga, ndaona zimene ukulemba, kodi umaganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi, kumamupatsa mpata wolankhula. Ndipo ngati mwana wanu ndi amene akulembera anzake "kys", imeneyo ndi nkhanza, mukhale naye pansi tsiku lomwelo.

8. Mukapeza choopsa, chitani motere

Choyamba pumani. Musamudzutse pakati pausiku ndi foni m'manja, musaitane abale, musamumenye. Mwana amene akuopsezedwa ndi chithunzi chake amakhala kale ndi mantha oti makolo akadziwa ndatha, ndipo woopsezayo amadalira mantha omwewo. Mawu anu oyamba akhale oti "sindikutaya, tithana nazo limodzi". Zakulakwa kwake mudzakamba zinthu zitazizira.

Kenako sungani umboni musanabloke: jambulani sikirini ya mauthenga oopseza, nambala, dzina la akaunti, tsiku ndi nthawi, ndi mauthenga a ndalama ngati zinatumizidwa. Chithunzi chamaliseche cha mwanacho musachitumize kwa wina aliyense, olo kwa azakhali ake kapena abusa kuti aone, chifukwa kufalitsa zotere ndi mlandu. Musalipire, olipira amabwereredwanso. Blokani ndi kupanga report pa app pomwepo.

Ku Malawi kuno mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti anene choncho, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana komanso kuzunza ndi kuopseza anthu pa intaneti. Pitani ku polisi mufunse ofesi ya Victim Support Unit. Pali nambala yaulere ya ana, 116, ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO, mwana akhoza kuimba yekha, inunso mukhoza kuimba kufunsa nzeru. Pa zithunzi pali chithandizo chaulere pa intaneti chotchedwa Take It Down cha bungwe la ku America la NCMEC, chimathandiza kuti zithunzi za ana osakwana zaka 18 zichotsedwe pa Facebook, Instagram, TikTok ndi masamba ena amene analowa nawo, ndipo chithunzicho sichichoka pafoni panu, amangotenga kachizindikiro kake. Pa maganizo odzipha, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi pamalo ofikirika, mupite naye kuchipatala cha boma chapafupi, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe kuli aphungu a za maganizo. Pemphero lipitirire, koma kuchipatala mupitenso.

9. Gwirizanani malamulo a foni masana, pasanagwe vuto

WhatsApp, TikTok, Facebook ndi Instagram onse malamulo awo amati munthu akhale wa zaka 13 kupita m'tsogolo, nde mwana wa Standard 5 sayenera kukhala ndi akaunti yakeyake. TikTok ili ndi Family Pairing, mumalumikiza akaunti yanu ndi yake n'kuika malire a nthawi ndi anthu omutumizira mauthenga, Instagram inayambitsa Teen Accounts, ma akaunti a achinyamata okhala ndi malire owateteza, mu 2024. Zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati mwana analemba chaka chake chenicheni chobadwa, nde onani limodzi. Ngati ali ndi GB WhatsApp muuzeni achotse, si yovomerezeka, nambala ikhoza kutsekedwa ndipo palibe akutsimikizirani za chitetezo cha mauthenga ake.

Za kuyang'ana foni, ine maganizo anga ndi oti wa zaka 13 kapena 14 adziwiretu kuti nthawi ndi nthawi tiziona limodzi, iye ali pompo, ndipo foni izigona pabalaza. Wa zaka 17 mupatseni mpata wokulirapo, muzilowerera pakakhala chifukwa chenicheni. Kusuzumira mobisa kumagwira ntchito kamodzi kokha, akazindikira amatsegula akaunti ina kapena kubwereka foni ya mnzake, ndipo kumeneko simudzafikako. Lamulo loti pakudya foni pansi likhudze aliyense, abambo omwe.

10. Gwiritsani ntchito pang'ono, mwa inu nokha

Simukufunika kulankhula ngati iwo. Bambo wa zaka 50 akayamba "no cap mwana wanga" pamaso pa anzake, mwanayo amafuna pansi patatseguka. Sankhani ma emoji atatu kapena anayi amene mukuwamvetsa, ❤️ 🙏 🔥 😂, muziwaika pamene mukutanthauzadi. Ka sticker koseketsa kamodzi pa sabata, kavidiyo koti mwaona n'kumukumbukira, uthenga wa m'mawa wa mayeso. Uthenga wanu usamakhale wa "uli kuti", "wasesa?", "ubwere ndi tomato" yekhayekha.

Kwa inu amene muli ku Joni, ku UK kaya kwina, ana ali kumudzi ndi agogo awo, WhatsApp ndiye khonde lanu lochezera, nde izi zikukukhudzani kuposa aliyense. Musamangoimba Lamlungu kufunsa za fizi ndi ma report. Tumizani voice note yaifupi, funsani nyimbo imene akumvera, muuzeni akuphunzitseni mawu amodzi atsopano, ndipo agogo afotokozereni za chigaza chija asanayambe kuda nkhawa. Amene ana anu akukulira kunjako mudzamva zina, ku Johannesburg "yoh" ndi "chommie", ku London "bruv" ndi "innit", njira yake ndi yomweyi, ndipo mukhoza kusinthana, iye akupatseni limodzi lake inu mumupatse mwambi umodzi wa Chichewa.

11. Bwererani kukafunsa pa holide iliyonse

Mawuwa sakhalitsa, ena amene ndalemba pano pofika chaka chamawa ana adzakhala akuwaseka kuti ndi akale. Mu 2025 a Dictionary.com anasankha "67" kukhala mawu a chaka, ana amangokuwa "six seven" akugwedeza manja mmwamba ndi pansi, ndipo alibe tanthauzo lenileni, n'kuseketsana chabe, nde mukamva zimenezo musavutike kufufuza chinsinsi. Ana a ku boarding akabwera pa holide amabwera ndi mawu atsopano ambiri, sabata yoyambayo tcherani khutu akamacheza ndi abale awo, sankhani awiri kapena atatu n'kufunsa. Mukamathandizana ndi makolo anzanu pagulu, tumizani mawu okhawo kapena ka emoji kokhako, dzina la mwana ndi sikirinishoti ya macheza ake zisalowe pagulu.